Kuyeza Kudalira Boma Pamene Dziko Layamba Kukalamba: Phunziro la ku Marka

Funso loti ndi anthu angati amene amadalira Boma, ndiponso loti thumba la Boma lingawasenze kwa zaka zingati, limamveka kwambiri m'mayiko monga Japan, Italy ndi Germany, kumene okalamba achuluka kuposa ana, kotero kuti munthu angaganize kuti ku Malawi kuno, kumene theka la anthu silinakwanitse zaka 18, nkhaniyi ndi ya eni ake akutali. Ganizo limeneli ndi losocheretsa, ndipo kusocheretsa kwake kumaonekera bwino nkhaniyi ikayang'anidwa kuchokera ku Marka, kumathero a dziko lino chakummwera, m'dera la Mfumu Yaikulu Ndamera m'boma la Nsanje, pamene chipata cha m'malire chayang'anana ndi Vila Nova da Fronteira ya ku Mozambique. Pamalo amenewa pakumana zinthu zimene m'mabuku a Unduna wa Zachuma zimalembedwa m'masamba otalikirana: chipata pamene Boma limatolera msonkho wa katundu, chigwa chimene madzi a Shire amachimiza kawirikawiri mpaka anthu kusowa pogwira, ndi makomo ambiri amene mutu wake ndi agogo olera zidzukulu.

Muyeso umene akatswiri a chiwerengero cha anthu amayambira nawo ndi wosavuta kuumva. Anthu a m'dziko amagawidwa patatu potengera zaka zawo: ana osafika zaka 15, anthu a zaka 15 mpaka 64 amene amatengedwa kuti ndiwo a msinkhu wogwira ntchito, ndi okalamba a zaka 65 kupita m'tsogolo. Ana ndi okalamba amaikidwa pamodzi n'kutchedwa odalira, kenako chiwerengero chawo chimayerekezedwa ndi anthu 100 alionse a gulu lapakati lija, ndipo chotuluka pamenepo ndicho muyeso wa odalira. Kalembera wa 2018, amene anapeza anthu 17,563,749 m'dziko lonse ndi 299,168 m'boma la Nsanje, anaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse pafupifupi 44 anali ana, pafupifupi 52 anali a msinkhu wogwira ntchito, ndipo okalamba sankapitirira 4. Motero anthu 100 a msinkhu wogwira ntchito ankasenza odalira oposa 90, koma okalamba mwa odalirawo anali 7 kapena 8 okha, pamene ku Japan okalamba paokha amafika pafupifupi 50. Woona manambalawa mothamanga amangoti katundu wa Malawi ndi ana, za ukalamba adzakamba ndi a m'tsogolo.

Chofooka chachikulu cha muyesowu n'chakuti umawerenga zaka m'malo mowerenga ntchito. Malire a zaka 65 anabadwira kumayiko a mafakitale, makamaka ku Germany, kumene Otto von Bismarck anakhazikitsa penshoni ya Boma mu 1889 kwa ofika zaka 70, ndipo malirewo anatsitsidwa kufika 65 mu 1916. Kumeneko wantchito amalembedwa m'kaundula wa malipiro, amadulidwa msonkho mwezi uliwonse, ndipo pa tsiku lodziwika amasiya ntchito n'kuyamba kulandira, moti zaka za munthu zimanena zoona za mbali imene iye ali, yopereka kapena yolandira. Kuno sizili choncho. Kafukufuku wa za ntchito wa 2013 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito m'Malawi, 89 anali pa ntchito zopanda kaundula, monga kulima, ganyu, usodzi ndi malonda a pamsika, zimene sizidulidwa msonkho wa pa malipiro ndiponso zilibe tsiku lopumira. Ku Marka mayi wa zaka 68 amene madzi akaphwera amatsikira kudimba kukadzala chimanga ndi mbatata, n'kumadyetsa zidzukulu zinayi, muyesowu umamulemba kuti ndi wodalira, pamene mnyamata wa zaka 24 amene anamaliza sukulu koma sanapeze chochita, ndipo amadya m'mbale ya mayi yemweyo, umamulemba kuti ndi wosenza. Bwato lowolokera kwa Nyachikadza siliyenda potengera zaka za amene akweramo koma potengera amene agwira nkhafi, ndipo muyeso umene sufunsa kuti nkhafi ili m'manja mwa yani sungauze Boma zoona za katundu wake.

Mbiri ya chigwachi yapangitsa kuti okalamba ake akhale opereka kwambiri kuposa m'madera ena. Mliri wa Edzi utafika pachimake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, unatenga makamaka anthu a gulu lapakati lija, mpaka zaka zimene mwana wobadwa ankayembekezeka kukhala ndi moyo zinatsika kufika cha m'ma 45, ndipo ana amasiye ambiri anagwera m'manja mwa agogo awo. Mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za Boma mu 2004, zakazo zinakweranso mpaka kupitirira 60, chimene ndi chipambano chachikulu, koma chipambano chimenechi chili ndi mtengo wake wofunika kuwerengedwa, pakuti anthu amene anapulumuka akukalamba tsopano akumwabe mankhwala amene kwa zaka zonsezi agulidwa makamaka ndi ndalama zakunja. Dziko la America litaimitsa mwadzidzidzi gawo lalikulu la thandizo lake mu Januwale 2025, zinaoneka poyera kuti moyo wa anthu ameneŵa watsamira pa chigamulo chopangidwira kutali ndi Nsanje.

Dziko lino lili nawo kale muyeso wina woona bwino kuposa wa zaka, ndipo umapezeka mu ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayamba mongoyesera ku Mchinji mu 2006 n'kufika m'maboma onse 28 pofika 2018. Kuti khomo lilowe mu ndondomekoyi liyenera kukhala losaukitsitsa komanso losowa manja ogwira ntchito, kutanthauza kuti palibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 wamphamvu zogwirira ntchito, kapena alipo koma aliyense wa iwo akusenza anthu oposa atatu. Apa funso silikhala la zaka zokha. Wodwala nthawi yaitali ndi wolumala amawerengedwa monga alili, ndipo n'chifukwa chake makomo ambiri olandira ndi a agogo. Koma muyeso wabwinowu unamangidwa chingwe: kwa zaka zambiri m'boma lililonse mwakhala mukusankhidwa makomo 10 okha mwa 100 alionse, posatengera kuti bomalo ndi losauka motani. M'boma ngati la Nsanje, limene kafukufuku wa m'makomo wa 2010 ndi 2011 anapeza kuti anthu oposa 80 mwa 100 alionse anali osauka, makomiti a m'midzi amakakamizika kusankha pakati pa nkhalamba ziwiri zofanana m'zonse, ina n'kulembedwa ina n'kutsala, ndipo chidani chimene chimabadwa pamenepo mafumu amachidziwa bwino. Chotero chiwerengero cha olandira Mtukula Pakhomo sichisonyeza kuchuluka kwa osowa. Chimangosonyeza pamene ndalama zinathera.

Pali mfundo ina imene ikusintha nkhani yonse, ndiyo ya mwini ndalamazo. Kwa zaka zambiri Boma la Malawi lakhala likulipira Mtukula Pakhomo kuchokera m'thumba lake m'boma limodzi lokha, la Thyolo, pamene maboma ena onse ankalipiridwa ndi dziko la Germany, dziko la Ireland, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi bungwe la mayiko a ku Ulaya la EU, limene linkasenza Nsanje ndi Chikwawa. Agogo a ku Marka akalandira ndalamazo amathokoza Boma, ndipo salakwa popeza ndi Boma limene limayendetsa ndondomekoyi, koma woyeza chuma ayenera kulemba kuti pa ndalama zimenezi wodalira weniweni ndi Bomalo. Kudalira kuli pawiri, kwa munthu pa Boma ndi kwa Boma pa othandiza ndi obwereketsa, ndipo kuyeza koyamba kokha kwachiwiri n'kukusiya ndi kunamizira osauka mlandu umene si wawo.

Njira yoyenera kwambiri ndi yotsata ndalama m'malo motsata zaka, monga anaikonzera akatswiri Ronald Lee ndi Andrew Mason, amene ntchito yawo yatsatiridwa m'mayiko ambiri. Pa msinkhu uliwonse pamafunsidwa kuti munthu amapeza zingati ndi ntchito yake, amagwiritsa ntchito zingati pa chakudya, sukulu ndi chipatala, ndipo ngati zotuluka zaposa zolowa, mpatawo amautseka ndani: banja, Boma, kapena chuma chimene munthuyo anasunga. Nkhalamba ya ku Marka ikayesedwa motere, mbali ya Boma imapezeka yaing'ono. Imalandira mankhwala ku chipatala cha Ndamera kapena cha Nsanje ngati alipo, chimanga cha thandizo m'chaka cha njala, ndipo mwina Mtukula Pakhomo. Gawo lalikulu limachokera ku khasu lake lomwe, kwa ana amene ali ku Nchalo, ku Blantyre, ku Beira kapena ku Johannesburg otumiza kangachepe pa foni, ndi ku mbuzi kapena ng'ombe, zimene m'chigwa muno ndizo penshoni yeniyeni ya mlimi. Nkhalamba yomweyo imaperekanso, ngakhale dzina lake silipezeka m'mabuku a bungwe lotolera msonkho la MRA: ikagula chitenje, malata kapena mayunitsi a foni imalipira msonkho wa VAT, ikayala mbatata pamsika imadula tikiti ya khonsolo, ndipo kwacha ikagwa mphamvu, monga inagwera ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndalama zimene inamanga pa nsonga ya chitenje zimachepa mphamvu usiku umodzi popanda woifunsa. Msonkho womalizawu ndi wankhanza kuposa yonse chifukwa sukambidwa ku Nyumba ya Malamulo, ndipo umagwera kwambiri amene alibe malipiro oti angakwezedwe.

Okalamba amene amadaliradi thumba la Boma mwezi ndi mwezi ndi kagulu kochepa, ka amene anagwira ntchito m'Boma: aphunzitsi, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi ndi ena otero. Penshoni yawo, mwa dongosolo lakale, sichokera m'ndalama zosungidwa koma mu msonkho wa chaka chomwecho, kotero kuti lonjezo lililonse loperekedwa kwa wantchito lero ndi ngongole imene idzalipidwa ndi okhometsedwa msonkho a mawa, ngakhale siionekera pa mndandanda wa ngongole za dziko. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakakamiza olemba ntchito kusonkha magawo 10 pa 100 a malipiro, wantchito n'kuikapo magawo 5, ndipo mu 2017 ogwira ntchito m'Boma a zaka 35 kutsika m'munsi anasamutsidwira ku dongosolo losonkhali. Kusinthaku n'kwanzeru, koma kwa zaka makumi angapo Boma lizilipira kawiri, kwa opuma a dongosolo lakale ndi ku thumba la dongosolo latsopano, ndipo phindu lake limadalira kuti zosonkhazo zizifikadi m'thumbamo pa nthawi yake, chinthu chimene Banki Yaikulu ya Reserve yadandaula nacho kangapo ponena za olemba ntchito osapereka. Wogwira ntchito yokhazikika ku minda ya nzimbe ya Nchalo lamuloli limamufikira. Mlimi wa thonje, msodzi wa m'dambo la Ndindi ndi mayi wogulitsa nsomba silimawadziwa. Nkhani ya amuna amene anapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a WENELA ndi TEBA, ulendo umene unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kutheratu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ikuonetsa mathero a ntchito yopanda kaundula wosungika: ambiri akalamba, ena amwalira, akuyendabe m'maofesi kufunafuna ndalama zawo.

Tsono kulimba kwa thumba la Boma kumayezedwa bwanji? Boma limatchedwa lolimba pa chuma ngati lingapitirize kutolera ndi kugwiritsa ntchito ndalama monga likuchitira lero, kwa zaka zambiri, popanda ngongole yake kukula mofulumira kuposa chuma cha dziko. Ngongole imayerekezedwa ndi chuma chonse chimene dziko limapanga pa chaka, chimene akatswiri amachitchula mwachidule kuti GDP, ndipo chimene chimagamula ngati ngongoleyo ikwera kapena itsika ndi mpikisano wa pakati pa chiwongoladzanja ndi kukula kwa chuma, kuphatikizapo funso loti, chiwongoladzanja chisanawerengedwe, zolowa za Boma zikukwanira zotuluka kapena ayi. Chiwongoladzanja chikamathamanga kuposa chuma, Boma liyenera kutsala ndi ndalama chaka chilichonse kuti ngongole ingoima pamene ili. Likapereweranso pamenepo, ngongole imadzibala yokha. Dziko la Malawi linakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole yake yakunja mu 2006, koma kuba kwa ndalama za Boma kotchedwa Cashgate kutaululika mu 2013, mayiko othandiza anasiya kuika ndalama mwachindunji mu bajeti, ndipo Boma linatembenukira ku mabanki a m'dziko momwemo, amene ngongole yawo ndi yodula. Pofika 2023 ngongole yonse inali itapitirira magawo 80 pa 100 a GDP, chuma chinkakula ndi magawo osafika 2 pa 100 pa chaka pamene anthu ankachuluka mofulumira kuposa pamenepo, ndipo mgwirizano wa ngongole ndi bungwe la IMF umene unayamba mu Novembala 2023 unafera m'njira mu Meyi 2025. Mu bajeti ya 2024/25, ya ndalama pafupifupi K6 thililiyoni, chiwongoladzanja chokha chinapatsidwa pafupifupi K1.5 thililiyoni, kutanthauza kwacha imodzi pa makwacha anayi alionse. Amene akufuna kudziwa chimene chikulemetsa thumba la Boma lero ayambire pa nambala imeneyi, pakuti ndalama zonse zofika m'manja mwa okalamba a kumidzi sizikuyandikira ngakhale pang'ono.

Ku Marka kulinso ngongole ina imene silembedwa mpaka tsiku limene yafika, ndiyo ya madzi. Kusefukira kwa Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 zinagwa motsatizana m'zaka zosakwana khumi, ndipo Freddy yekha anasamutsa anthu oposa 650,000 n'kuwononga zinthu za ndalama zoposa madola 500 miliyoni a ku America. Ngozi yobwera pafupipafupi chonchi siyeneranso kutchedwa yadzidzidzi m'mabuku a chuma. Iyenera kuwerengeredwa pasadakhale ngati chotuluka chokhazikika. Kulumikizana kwake ndi ukalamba n'kwachindunji. Mnyamata amene madzi amukokolera mbuzi ali ndi zaka zoti angawetenso zina, koma bambo wa zaka 70 amene khola lake lapita ndi madzi wataya zonse zimene anasunga pa moyo wake, ndipo kuyambira tsiku limenelo amasanduka wodalira weniweni. Madzi amasamutsa anthu kuchoka mbali yopereka kupita mbali yolandira popanda zaka zawo kusintha, chinthu chimene muyeso wa zaka sungachione konse.

Ngakhale okalamba sali katundu wa lero, kunena kuti sadzakhala nkhani ya mawa ndi kulakwitsa kwa mtundu wina. Mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7 tikagawa mofanana, mu 2010 anali 5.7, ndipo pofika 2015 ndi 2016 anali 4.4, kotero kuti ana oti adzasamale kholo limodzi akucheperachepera pamene makolowo akukhala moyo wautali. Okalamba a lero anabadwa dziko lino lili ndi anthu osafika 4 miliyoni, chiwerengero chimene kalembera wa 1966 anapeza kuti chinali chitangokwana, koma amene adzakwanitse zaka 65 mu 2063, chaka chimene masomphenya a dziko aikapo diso, anabadwa mu 1998, dziko lili ndi anthu 9.9 miliyoni. Anthu amenewa si ongoganiziridwa. Alipo kale, ena akupalasa kabaza pakati pa Marka ndi Nsanje, ena akusintha ndalama pachipata, ndipo ambiri a iwo sakusunga kalikonse m'thumba la penshoni. Pakati pa lero ndi nthawi imeneyo pali mpata wa zaka makumi angapo pamene ana adzachepa okalamba asanachuluke, mpata umene mayiko monga South Korea anaugwiritsa ntchito kulemera asanakalambe. Mpatawu supindula wokha. Umapindula ngati a msinkhu wogwira ntchito apezadi ntchito yopanga chuma ndi yokhometsedwa msonkho, apo ayi dziko limakalamba lisanalemere, ndipo achinyamata osowa ntchito a lero amadzakhala nkhalamba zopanda kanthu zochuluka kangapo kuposa za lero.

Akatswiri ena, monga Warren Sanderson ndi Sergei Scherbov, anati ukalamba uziyezedwa potengera zaka zimene munthu watsala nazo osati zimene wadutsa, ndipo m'mayiko olemera njirayi imakankhira malire a ukalamba m'tsogolo. M'chigwa chotentha ngati ichi, kumene khasu, malungo ndi njala zimatha thupi msanga, njira yomweyo ingathe kuwakokera m'mbuyo, ndipo ndondomeko ya dziko yokhudza okalamba ya 2016 sinalakwitse poyambira pa zaka 60.

Funso limene bungwe la MANEPO ndi ena omenyera ufulu wa okalamba akhala akufunsa, loti kodi dziko lingakwanitse penshoni yaing'ono ya nkhalamba iliyonse, lili ndi masamu osavuta. Mtengo wake poyerekeza ndi GDP umapezeka pochulukitsa gawo la anthu oyenera kulandira ndi kukula kwa ndalamayo poyerekeza ndi chuma cha munthu mmodzi tikagawa GDP mofanana. Ngati olandira ali 3 mwa anthu 100 alionse, chiwerengero chokwanira onse a zaka 70 kupita m'tsogolo popeza a zaka 65 kupita m'tsogolo sapitirira 4, ndipo aliyense akulandira gawo limodzi mwa magawo asanu a chuma cha munthu mmodzi, mtengo wonse ndi magawo 0.6 pa 100 a GDP. Ndalama imeneyi si yochepa m'dziko limene msonkho wake wonse sufika gawo limodzi mwa magawo asanu a GDP, ndipo idzawirikiza kawiri tsiku limene olandira adzafike 6 mwa 100; komabe ndi kachigawo chabe ka zimene chiwongoladzanja chikudya. Mayiko osalemera kwenikweni achita zimenezi ndi msonkho wawo: Botswana kuyambira 1996, Lesotho kuyambira 2004 kwa a zaka 70, Zanzibar kuyambira 2016, ndipo tsidya la chipata cha Marka boma la Mozambique limapereka kangachepe kwa okalamba osauka kudzera ku bungwe lake la INAS. Ubwino wa penshoni ya aliyense ndi woti mtengo wake umadziwika zaka zambiri pasadakhale, popeza olandira a m'tsogolo ndi owerengeka kale, komanso imachotsa ntchito yowawa yosankha pakati pa osauka. Lamulo loteteza okalamba limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2024 likanakhala ndi mano akuthwa likanatsagana ndi mzere wakewake mu bajeti, chifukwa nkhalamba imene ili ndi kake pakhomo siionedwa ngati mtolo, ndipo nkhanza zonamizira okalamba ufiti, monga kuphedwa kwa anayi ku Neno mu Januwale 2016, zimamera kawirikawiri pamene umphawi wasandutsa agogo pakamwa pongodya.

Chovuta chenicheni ku Marka chingakhale kutsimikiza zaka ndi unzika. Kulembetsa ana pobadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, chiphaso cha unzika chinafika kwa anthu ambiri mu 2017, ndipo nkhalamba zambiri zinalembedwa zaka mongoyerekeza, potengera zochitika zokumbukika monga njala ya 1949 kapena ufulu wa 1964. Kuwonjezera apo, Asena ndi Amang'anja a kuno ali ndi abale mbali zonse ziwiri za malire, ndipo pa nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992, othawa nkhondo m'boma la Nsanje, ambiri a iwo pa msasa wa Mankhokwe, anachuluka kuposa eni dera; ena anakwatira kapena kukwatiwa konkuno ndipo akalambira konkuno. Ndondomeko iliyonse yopereka ndalama potengera zaka iyenera kugwirizanitsa kaundula wake ndi wa tsidya lija kuti munthu asalandire kawiri, komanso kuti mayi amene wakhala kwa Ndamera zaka 40 asakanidwe mbali zonse ziwiri. Ili ndi vuto la kayendetsedwe ka ntchito, lotheka kulikonza ndi mafumu ndi alembi a kaundula, osati chifukwa chokanira ndondomeko yonse.

Mbali ya zolowa ikufunika kusamala kofanana. Njanji ya makilomita 72 yochokera ku Marka kukafika ku Bangula, imene ntchito yoikonzanso inayamba mu 2022, ikulumikiza dziko lino ndi doko la Beira kudzera pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, ndipo mu 2024 sitima yonyamula mafuta inafikanso pa Marka patapita zaka pafupifupi 40. Ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira ikuyembekezeka kusintha ulimi wa m'chigwachi. Zonsezi zingakulitse chiwerengero cha opereka msonkho ndi osunga penshoni, koma doko la Nsanje, limene linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010 ndipo silinayambe lalandira zombo za malonda zimene zinalonjezedwa, ndi chenjezo loti woyeza thumba la Boma asalembe ngati zolowa ndalama zimene zikadali pa mapulani. Chiwerengero choyenera kutsatidwa chaka ndi chaka ndi cha anthu amene alowadi m'kaundula wa msonkho ndi wa penshoni chifukwa cha ntchito zimenezi, osati cha makilomita amene amangidwa.

Mayiko ena anakhazikitsa mwambo wofalitsa lipoti loyang'ana zaka makumi angapo m'tsogolo, monga Australia kuyambira 2002 ndi Britain, losonyeza mmene penshoni, zipatala ndi ngongole zidzakhalire malamulo a lero akapanda kusintha. Unduna wa Zachuma ungathe kuchita chimodzimodzi pogwirizana ndi ofesi ya chiwerengero ya NSO ku Zomba, ndipo lipoti la Malawi liyenera kulekanitsa poyera ndalama zochokera ku msonkho, za othandiza ndi zobwereka pa ndondomeko iliyonse yothandiza anthu, kuika pamtunda malonjezo onse a penshoni ya ogwira ntchito m'Boma, ndi kupatula ndalama za madzi osefukira monga chotuluka cha chaka chilichonse. Kalembera wotsatira, amene mwa mwambo wa zaka khumi akuyembekezeka mu 2028, angathandize kwambiri akafunsa khomo lililonse funso loti amadyetsa pakhomopo ndani komanso loti ndani akusunga za ukalamba, kuti khonsolo ya Nsanje idzathe kuona, dera ndi dera kuyambira kwa Ndamera mpaka kwa Mlolo, makomo amene akudyetsedwa ndi munthu wa zaka zoposa 60.